Kuzindikira ndi kuchiza kuthyoka kwa fupa la talus pa kakolo

Pakati pa mafupa awiri a msongolo ndi fupa la chidendene pali fupa laling'ono limene madokotala amalitcha talus. Munthu akaimirira, kulemera kwa thupi lake lonse kumadutsa pa fupa limeneli, ndipo ndi limene limalola phazi kukwera ndi kutsika poyenda komanso kupendekera uku ndi uku pamene munthu aponda malo osasalala. Silithyoka kawirikawiri, pakuti mwa mafupa 100 othyoka amene amafika kuchipatala, la talus limakhala limodzi kapena kucheperapo, koma likathyoka n'kusasamalidwa bwino limasiya munthu akutsimphina moyo wake wonse. Malangizo awa ndalembera makamaka azachipatala amene amayamba kumuona wovulala, komanso odwala ndi owasamalira amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene dokotala akuwaletsera kuponda pansi kwa miyezi itatu.

Chimene chimachititsa fupa limeneli kukhala lovuta ndi magazi. Aphunzitsi a za mafupa amakonda kuliyerekeza ndi kamba, chifukwa lili ndi mutu kutsogolo, khosi lopyapyala, ndi thupi lalikulu lobulungira pamwamba limene limalowa pakati pa mafupa a msongolo. Pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a kunja kwake ndi okutidwa ndi chicherewecherewe choterera cha m'mfundo, chimene mitsempha ya magazi singaloweremo, ndipo palibe mnofu ngakhale umodzi umene umamatirira pa fupali. Magazi amachokera m'mitsempha itatu ikuluikulu ya mwendo, koma amalowera pa malo ochepa, makamaka kunsi kwa khosi ndi mbali yamkati, kenako n'kubwerera chakumbuyo kukadyetsa thupi la fupalo. Khosi likathyoka n'kusuntha, timitsempha timeneti timaduka kapena kupindika, ndipo thupi la talus likhoza kufa chifukwa chosowa magazi. Pafupifupi theka la kuthyoka konse kwa talus kumachitika pakhosi pomwepo.

Kufunsa mmene ngozi idachitikira

Musanagwire phazi, funsani bwino mmene munthuyo wavulalira, chifukwa yankho lake ndi limene lidzakuchititseni kuganizira za talus. Mu 1919 dokotala wina wa ku Britain, dzina lake Anderson, adafotokoza kuthyoka kumeneku mwa oyendetsa ndege a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amene mapazi awo ankakhala ataponda chitsulo chowongolera ndege pamene ikugwa. Lero zimachitika chimodzimodzi kwa dalaivala amene phazi lake lili pa buleki galimoto ikagundana ndi inzake, kwa wokwera njinga yamoto ya kabaza, ndi kwa munthu wogwa padenga, pa makwerero kapena mumtengo n'kufikira mapazi. Phazi limakankhidwira m'mwamba mwamphamvu, khosi la talus n'kugunda m'mphepete mwa fupa lalikulu la msongolo.

Mphamvu yothyola talus imatha kuthyolanso malo ena, choncho yambani ndi munthu yense: kupuma kwake, kutaya magazi, mutu, chifuwa ndi mimba. Amene wagwa kuchokera pamwamba muuneni msana ndi chidendene, ndiponso phazi linalo, ngakhale iye akulira ndi phazi limodzi lokha.

Pali mtundu wina wa kuthyoka umene subwera ndi ngozi yaikulu, ndipo ndi umene umaphonyedwa kwambiri. Kumbali yakunja ya talus kuli kansonga kamene kamathyoka phazi likapotokoka mwadzidzidzi. Kumaiko a chipale chofewa kuthyoka kumeneku n'kodziwika mwa ochita masewera a snowboard, otsetsereka pa chipalecho ataima pa thabwa, koma kumachitikanso kwa wosewera mpira ndi kwa aliyense amene wagwera m'dzenje. Munthu wotere amauzidwa kuti wangobinya, amapatsidwa panado n'kubwerera kunyumba, ndipo amadzabweranso patatha miyezi ingapo mfundo itawonongeka kale.

Kuona ndi kugwira phazi

Vulani nsapato, ngakhale mochita kuidula, ndipo yang'anani khungu poyamba. Ngati pali bala pafupi ndi kakolo, litengeni kuti lafika pa fupa kufikira zitatsimikizika kuti silidafike. Ngati palibe bala koma pali malo amene khungu lakokeka kwambiri n'kuyera chifukwa fupa likulikankha kuchokera mkati, dziwani kuti khungulo likhoza kufa m'maola ochepa. Chala chachikulu chikakhala chopindikira pansi chosatheka kuwongoka, nthawi zambiri ndiye kuti thupi la talus latulukira kumbuyo ndi mkati n'kukoka mtsempha wopinda chalacho.

Mvetserani kugunda kwa mtsempha wa magazi pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa nsonga yamkati ya kakolo. Finyani chikhadabo muone ngati kufiira kwake kukubwerera m'masekondi awiri, khudzani kuphazi ndi pamwamba pa phazi mumufunse ngati akumva kapena pali dzanzi, ndipo zonsezi muzilembe pamodzi ndi nthawi yake, chifukwa amene adzamulandire pambuyo panu adzafuna kudziwa ngati zinthu zasintha. Kenako dinikizani ndi chala malo amodziamodzi: kutsogolo kwa kakolo pamene pali khosi la talus, nsonga zonse ziwiri za kakolo, ndi malo amene ali pafupifupi sentimita imodzi kunsi kwa nsonga yakunja. Malo omalizawa akapweteka kwambiri, ganizirani za kansonga kaja.

Malamulo a Ottawa, amene adakonzedwa ku Canada mu 1992, amathandiza kusankha woyenera kujambulidwa. Amati munthu ajambulidwe ngati akulephera kuyenda mapazi anayi, kapena ngati akumva kupweteka pa fupa kuseri kapena kunsonga kwa kakolo, pa fupa la navicular limene lili kutsogolo kwa talus chakumkati kwa phazi, kapena patsinde pa fupa lopita ku chala chaching'ono. Ndi malamulo abwino kwa amene wapotokoka phazi poyenda, koma musawagwiritse ntchito pomana X-ray munthu wa ngozi ya pamsewu kapena wogwa kuchokera pamwamba. Ameneyo ajambulidwe basi.

Kujambula

Pemphani zithunzi zitatu za kakolo, chakutsogolo, cham'mbali, ndi cha mortise chimene amajambula mwendo atautembenuzira mkati pang'ono, ndipo muwonjezere zithunzi za phazi. Chithunzi cham'mbali ndi chimene chimaonetsa bwino khosi lothyoka komanso ngati talus ikadali pamalo pake pamwamba pa fupa la chidendene. Cha mortise ndi chimene muyenera kuyang'anapo kansonga kakunja, kunsi kwenikweni kwa fupa laling'ono la msongolo, malo amene maso a munthu wotopa amangodutsapo. Palinso kajambulidwe kotchedwa ndi dzina la dokotala Canale, koonetsa khosi lonse: phazi limaloza pansi, limapendeketsedwa madigiri 15, ndipo kuwala kwa makina kumabwera pa madigiri 75 kuchokera pa tebulo. Kumbuyo kwa talus anthu ena amabadwa ndi kafupa kapadera kotchedwa os trigonum, kamene kamasokoneza ojambula. M'mphepete mwake mumakhala mosalala, pamene chidutswa chothyoka kumene chimakhala cha mano.

X-ray imabisa zambiri pa fupa limeneli. Khosi limene likuoneka kuti silidasunthe limapezeka pa CT scan, makina ojambula mkati mwa fupa mwatsatanetsatane, kuti lapotoka kapena laphwanyika mbali imodzi, n'chifukwa chake kuthyoka kulikonse kwa talus kuyenera kuonedwa pa CT ngati njira ilipo. MRI, makina ojambula ndi maginito, imathandiza pambuyo pake, poona chicherewecherewe chimene chabenthuka pamwamba pa fupa kapena poona ngati fupa lafa. Pamene CT palibe, ndipo chithunzi sichikuonetsa kanthu koma munthu watupa kwambiri ndipo sangathe kuponda, musamuuze kuti wabinya. Muikeni chikhakha cha theka, mumupatse ndodo, mumuletse kuponda, ndipo mumuonenso ndi kumujambulanso patatha masiku 10 mpaka 14, kapena mumutumize kuchipatala chachikulu. Ndikuona kuti kumanga phazi lobinya kwa masabata awiri mosafunikira n'kolakwa kochepa kwambiri poyerekeza ndi kuyendetsa munthu pa talus yothyoka.

Kuthyoka kwa khosi kumagawidwa motsata ndondomeko imene dokotala Leland Hawkins adalemba mu 1970. Mtundu woyamba ndi wothyoka osasuntha. Pa wachiwiri, mfundo yapansi, ya pakati pa talus ndi chidendene, yaguluka. Pa wachitatu thupi la talus laguluka pansi ndi pamwamba pomwe, kutuluka m'mfundo ya kakolo. Mtundu wachinayi, umene madokotala Canale ndi Kelly adawonjezera mu 1978, ndi pamene mutu nawonso waguluka pa fupa la navicular. Ndondomekoyi si yongoloweza pa mayeso, chifukwa mfundo iliyonse imene yaguluka ikutanthauza njira ina ya magazi imene yaduka. Pa mtundu woyamba fupa limafa mwa odwala ochepa, osapitirira 15 pa 100 alionse. Pa wachiwiri chiwerengero chimakhala pakati pa 20 ndi 50. Pa wachitatu ndi wachinayi chimakwera koposa, ndipo pa odwala a Hawkins mwiniwake a mtundu wachitatu chidapitirira 90.

Chithandizo cha maola oyambirira

Kwa amene muli pamalo a ngozi, ntchito yanu ndi yochepa koma ndi yofunika. Musamuimiritse wovulala kuti muone ngati angayende, musakoke phazi, ndipo musalithowe ndi madzi otentha, kulisisita kapena kutemapo mphini, chifukwa khungu la pa kakolo ndi lopyapyala ndipo likawonongeka dokotala amalephera kuchita opaleshoni pa nthawi yake. Phimbani bala ndi nsalu yoyera, mangirirani mwendo ku thabwa kapena katoni yolimba mutayalapo chitenje, ukwezeni, ndipo musamupatse chakudya kapena chakumwa popeza mwina alowa ku fiyeta tsiku lomwelo.

Kuchipatala, ngati pali bala lofika pa fupa, perekani mankhwala opha tizilombo kudzera mumtsempha mkati mwa ola limodzi, perekani katemera wa kafumbata, chotsani zinyalala zooneka, phimbani ndi nsalu yonyowa ndi madzi a diripi, ndipo konzani zokatsuka bala ku fiyeta. Nthawi zina talus yonse imatulukira pabala. Musaidule kapena kuitaya. Ikulungeni bwino ndi nsalu yonyowa ndipo dokotala wa mafupa ndiye aweruze, popeza nthawi zambiri imatsukidwa n'kubwezeredwa.

Mfundo yoguluka iyenera kubwezeredwa msanga, usiku kapena usana. Wodwala apatsidwe mankhwala ogonetsa okwanira kuti minofu ilefuke. Pindani bondo kuti katumba asakoke chidendene, wina agwire ntchafu, inu mugwire chidendene ndi dzanja limodzi ndi phazi ndi dzanja linalo, mukoke pang'onopang'ono mosalekeza, mulozetse phazi pansi, kenako muwongole kupendekera kwake. Mukatha mvetseraninso mitsempha ya magazi, ikani chikhakha cha theka chokhala ndi thonje lokwanira, ndipo jambulaninso. Mtundu wachiwiri umabwerera kawirikawiri mwa njira imeneyi, koma wachitatu umakana nthawi zambiri chifukwa mitsempha ya minofu imakhala itakulunga fupa. Mukayesa kamodzi kapena kawiri osatheka, lekani, pakuti kulimbana nalo kumangowononga khungu ndi timitsempha totsala. Wodwalayo akufunika opaleshoni yamwadzidzidzi.

Kale madokotala ankaphunzitsidwa kuti talus iyenera kumangidwa ndi zitsulo m'maola ochepa kuti fupa lisafe. Kafukufuku wa dokotala Vallier ndi anzake komanso wa dokotala Lindvall ndi anzake, onse a mu 2004, sadapeze kuti kuchedwa kuika zitsulo kumawonjezera kufa kwa fupa. Chimene chidaoneka kuti chikugwirizana ndi mavuto ndi kukula kwa ngoziyo, kuphwanyika kwa fupa ndi kukhalapo kwa bala. Apa pamafunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Kubwezera mfundo yoguluka ndi kutsuka bala sizidikira. Kuika zitsulo kukhoza kudikira masiku angapo mpaka kutupa kuchepe, matuza aume ndipo khungu liyambenso kuchita makwinya. Kwa ife izi ndi nkhani yabwino, chifukwa ku Malawi ovulala ambiri amayamba kuonedwa pa zipatala za maboma ndi azachipatala ophunzira za mafupa otchedwa ma orthopaedic clinical officer, amene maphunziro awo adayamba mu 1985, pamene madokotala ochita opaleshoni ya mafupa amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Wachipatala wa paboma amene wabwezera mfundo, wateteza khungu, wayamba mankhwala ndipo watumiza wodwala ndi zithunzi zake pamodzi ndi kalata yonena ola la ngozi, wachita gawo limene palibe katswiri angalikonze pambuyo pake likaphonyedwa.

Chikhakha kapena opaleshoni

Chikhakha chokha n'choyenera pa kuthyoka kumene sikudasunthe ngakhale pang'ono, makamaka zikatsimikizika pa CT. Chimakhala cha kunsi kwa bondo, wodwala osaponda kwa masabata 6 mpaka 8 kapena kupitirira, ndipo ajambulidwe kangapo m'masabata oyamba chifukwa fupa likhoza kusuntha lili m'chikhakha momwemo. Madokotala ena amasankha kuika zitsulo ngakhale pa mtundu woyamba kuti lisasunthe ndiponso kuti mfundo iyambe kuyendetsedwa msanga. Kusuntha kwa mamilimita awiri okha kumasintha mmene kulemera kumagawikira m'mfundo yapansi, choncho chilichonse chosuntha chikufunika opaleshoni.

Pa opaleshoni ya khosi, akatswiri ambiri amacheka mbali ziwiri, mkati ndi kunja, kuti aone mbali zonse za fupa, chifukwa mbali imodzi ikhoza kuoneka yolunjika pamene inayo yapotoka. Fupa limamangidwa ndi masikuluwu, ndipo pamene laphwanyika amaikapo kachitsulo kophwatalala. Mbali yamkati ya khosi ndi imene imaphwanyika kawirikawiri, ndipo ikafinyidwa ndi sikuluwu khosi limafupika mbali imeneyo, phazi n'kupendekera mkati, munthu n'kumayendera m'mphepete mwakunja mwa phazi. Ngati thupi la talus ndi limene lathyoka, nthawi zina amadula dala nsonga yamkati ya kakolo kuti alifikire, n'kuibwezera ndi masikuluwu pomaliza, akusamala mtsempha wolumikiza mafupa wa mbali imeneyo popeza mwina ndi njira yokhayo ya magazi imene yatsala. Kansonga kakunja kaja, kakakhala kosasuntha kamachira ndi chikhakha cha masabata 4 mpaka 6. Chidutswa chachikulu chosuntha chimamangidwa ndi sikuluwu, ndipo tizidutswa tophwanyika timachotsedwa.

Miyezi yotsatira

Gawo lalitali la chithandizo lili m'manja mwa wodwala ndi omusamalira. M'masabata awiri oyamba mwendo ukhale wokwezedwa nthawi zambiri. Ululu ukamakula m'malo mochepa, zala zikachita dzanzi, kuzizira kapena kuda, chikhakha chikayamba kununkha, thupi likatentha, katumba akatupa ndi kupweteka, kapenanso munthu akabanika mwadzidzidzi, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Bala likapola, a mafizo amayamba kuyendetsa kakolo ndi mfundo yapansi pang'onopang'ono, koma kuponda kumaletsedwabe kwa masabata 10 mpaka 12 kapena kufikira X-ray itaonetsa kuti fupa lagwirana. Apa ndi pamene ambiri amagonjera, chifukwa ululu umatha fupa lisanachire, ndipo munda, geni ndi ana sizidikira. Nkhani imeneyi ikambidwe ndi banja lonse wodwala asanatuluke m'chipatala, adziwike amene adzatunge madzi ndi amene adzalime, apo ayi malangizo onse adzathera pa chipata. Wosuta fodya asiye, chifukwa fodya amafinya timitsempha tomwe fupali likudalira, ndipo wa matenda a shuga aonetsetse kuti shuga wake sakukwera.

Pakati pa sabata ya 6 ndi ya 8 jambulani chithunzi cha mortise ndipo muyang'ane kunsi kwenikweni kwa denga la talus. Mukaona kamzere kakuda kotsata m'mphepete mwa fupa, chimenecho ndi chizindikiro cha Hawkins, ndipo ndi uthenga wabwino: fupa losagwiritsidwa ntchito limachepa mphamvu pokhapokha ngati magazi akulifika, choncho kamzereko kakusonyeza kuti lili moyo. Kusaoneka kwake sikutsimikiza kuti fupa lafa. Thupi la talus likamaoneka loyera kwambiri kuposa mafupa oyandikana nalo m'miyezi yotsatira, pamenepo pali chifukwa chodera nkhawa, komabe ngakhale fupa lotere limatha kugwirana, ndipo magazi amatha kubwereramo pang'onopang'ono kwa nthawi yofika zaka ziwiri. Si talus iliyonse yosowa magazi imene imafwafwanyika.

Vuto limene limabwera kawirikawiri kuposa kufa kwa fupa ndi nyamakazi ya mfundo yapansi. Wodwala amayenda bwino pa simenti koma amamva ululu m'mizere ya kumunda, pa miyala ndi pamalo otsetsereka, ndipo m'mawa phazi limakhala louma. Wodwala aliyense wa mtundu wachiwiri kupita m'tsogolo auzidwe zimenezi kuyambira pachiyambi, mwaulemu koma mosabisa, kuti ngakhale opaleshoni itayenda bwino phazi silingabwerere ndendende mmene lidalili, ndiponso kuti afunika kumaonedwa kwa zaka zosachepera ziwiri. Nsapato zolimba zogwira kakolo, mankhwala ochepetsa ululu ndi kusintha ntchito zimathandiza ambiri. Ululu ukafika polepheretsa munthu kugwira ntchito, dokotala amalumikiza mafupa a mfundo yodwalayo kuti akhale fupa limodzi: talus ndi chidendene ngati vuto lili pansi pokha, kapena msongolo, talus ndi chidendene pamodzi ngati thupi la talus lafwafwanyika. Phazi limataya kupindika kwa mfundo imeneyo, koma ambiri ululu umachepa kwambiri ndipo amathanso kuyenda mtunda popanda ndodo.